Loya wangoti zii ndi chipukuta misozi cha amuna anga: kodi bungwe la maloya lili ndi mano?

"Zikomo a loya. Ndine mayi wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Amuna anga ankachita kabaza wa njinga yakapalasa, ndipo chaka chathachi anagundidwa ndi minibasi pamsewu wopita ku Liwonde, mwendo n'kuthyoka pawiri. Ali chigonere m'chipatala kunabwera bambo wina amene anati amagwira ntchito ndi loya, ndipo atithandiza kupeza chipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi. Tinasaina mapepala, tinaperekanso lipoti la apolisi ndi la dokotala. Pano tamva kuti ndalama zinatuluka kalekale, koma loyayo sakuyankha foni, tikapita ku ofesi kwake amangoti ali ku khoti ku Blantyre. Anzathu akutchalitchi akuti tikadandaule ku bungwe la maloya, ena akuti n'kutaya nthawi chifukwa maloya amadyera mbale imodzi. Kodi bungweli lili ndi mphamvu zenizeni? Lingamukakamize kutipatsa ndalama zathu? Nanga lingamumangitse?"

Mayi, pepani ndi zomwe zagwera banja lanu, ndipo bambowo muwapatse moni wanga, apitirize kupeza bwino. Mtima ukhale m'malo. Nkhani ngati yanuyi ndakumana nazo zambiri pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi, ndipo njira yake ilipo, yolembedwa m'malamulo a dziko lino. Kuyankha mwachidule, bungweli mphamvu lili nazo, ndipo maloya amaziopa kuposa mmene anthu amaganizira. Koma mphamvuzo zili ndi polekezera, ndipo amene wangosiya kalata ya dandaulo n'kukakhala pansi kudikira ndalama nthawi zambiri amakhumudwa.

Bungwe la maloyali, lomwe dzina lake ndi Malawi Law Society, si kalabu yomwe maloya anangogwirizana kuyambitsa. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1965, patangotha chaka dziko lino litalandira ufulu wodzilamulira. Lamulolo dzina lake ndi Legal Education and Legal Practitioners Act, ndipo linagwira ntchito zaka zoposa 50 mpaka pomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano la dzina lomwelo mu 2018. Lamulo latsopanoli ndi lomwe likukukhudzani, chifukwa ndilo linawonjezera mphamvu za komiti yosungitsa mwambo pakati pa maloya. Loya aliyense amene akufuna kuyimira anthu pa milandu ayenera kukhala membala, afune asafune. Palibe amene anganene kuti ine za bungwe lanulo sindili nawo, ndizigwira ntchito pandekha.

Anthu ambiri amalidziwa bungweli chifukwa cholimva pa wailesi likudzudzula boma. Izi nazo ndi ntchito yake, poti gawo 64 la lamulolo limalipatsa udindo woteteza zofuna za anthu pa nkhani zokhudza malamulo. Mu 1992 linali m'gulu la mabungwe omwe anapanga Public Affairs Committee pamodzi ndi a mipingo, nthawi yomwe kulankhula za zipani zambiri kunali kuika moyo pachiswe. Mu 2002 linapita ku khoti limodzi ndi atsogoleri a mipingo kukatsutsa chiletso cha Pulezidenti Bakili Muluzi choti anthu asachite zionetsero pa nkhani ya teremu yachitatu. Pa mlandu wa chisankho cha 2019, womwe chigamulo chake chinaperekedwa pa 3 February 2020, linalowamo ngati bwenzi la khoti, kutanthauza wothandiza khoti ndi maganizo a zamalamulo osakhala mbali ya mlanduwo. Zonsezi n'zodziwika, koma ntchito yosatchuka ija, yoyang'anira khalidwe la maloya eni ake, ndiyo ingakubwezereni ndalama, ndipo ndikhazikika pa imeneyo.

Chida choyamba chomwe bungweli lili nacho ndi laisensi. Munthu akamaliza maphunziro a zamalamulo, kaya pa Chanco pompano kapena kwina kovomerezeka, amene amamulandira kuti akhale loya ndi Chief Justice, mkulu wa majaji, ndipo dzina la munthuyo limalembedwa m'kaundula wa maloya. Koma kulembedwa m'kaundula sikokwanira. Chaka ndi chaka ayenera kutenga laisensi yatsopano, chifukwa yakale imatha mphamvu. Kuti ina ituluke, bungweli liyenera kutsimikiza kuti loyayo walipira msonkho wa umembala, wachita maphunziro owonjezera a chaka chimenecho, wagwirako ntchito yothandiza anthu osauka kwaulere, ali ndi inshuwalansi yoteteza makasitomala ake akalakwitsa ntchito, waponya chopereka chake ku thumba la Fidelity Fund lothandiza makasitomala oberedwa ndi maloya, komanso kuti mabuku a ndalama za makasitomala aunikidwa ndi akauntanti. Loya wopanda laisensi sangayime pamaso pa jaji, ndiye kuti sitolo yake yatsekedwa. Bungweli limatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi laisensi m'chaka chimenecho, choncho chinthu choyamba chomwe ndikufuna muchite ndi kufunsa ku ofesi yawo ku Blantyre ngati dzina la loya wanuyo lilimo. Sizitenga ndalama, ndi foni imodzi yokha kapena kalata.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa cha bambo anabwera kuchipatala aja. Madobadoba otere ndi ambiri, amazungulira m'mawodi ndi pafupi ndi mapolisi kusaka anthu angozi. Ena amatumidwadi ndi maloya, ena amangogwiritsa ntchito dzina ndi chidindo cha loya yemwe mwina sakudziwa n'komwe kuti dzina lake likugulitsidwa, ndipo ena amakambirana okha ndi kampani ya inshuwalansi n'kulandira ndalama m'dzina la wovulalayo. Dzifunseni: kodi loyayo munakhalapo naye pansi maso ndi maso, kapena zonse zinkadutsa mwa bambo aja? Mukapeza kuti munthuyo si loya, komiti yosungitsa mwambo ilibe naye chochita chifukwa si membala wake, ndipo nkhaniyo ndi ya apolisi, poti kudzitcha loya usali loya ndi mlandu pawokha. Ngakhale zili choncho lidziwitsenibe bungweli, limafuna kudziwa anthu otere. Mukapeza kuti ndi loya weniweni ndipo anatumadi dobadoba kuti akusakeni m'chipatala, lembani zimenezo m'dandaulo lanu, chifukwa lamulo limaletsa loya kukopa makasitomala kudzera mwa anthu olipidwa.

Tsopano za ndalamazo. Malamulo a ntchito yathu amafuna kuti loya akhale ndi akaunti yapadera ku banki yosungira ndalama za makasitomala, yosiyana ndi yomwe amalipirira lendi ya ofesi ndi malipiro a antchito. Ndalama zanu zikalowa m'menemo zimakhala ngati mbuzi yoikiza m'khola la mnansi: kukhalitsa kwake sikuisandutsa ya mwini khola, ndipo sangaigulitse ponena kuti adzabweza ina akakolola. Maloya ambiri omwe agwa pa nkhaniyi sanayambe ndi mtima wakuba. Amatapa ndalama za kasitomala uyu kuti atseke dzenje la kasitomala uja, akuganiza kuti mwezi wa mawa zinthu zikhala bwino, mpaka maenje achuluka kuposa dothi. Pamenepo ndi pomwe foni imayamba kusayankhidwa. Koma lamulo silifunsa kuti mtima wake unali wotani. Kugwiritsa ntchito ndalama za kasitomala popanda chilolezo chake ndi chimodzi mwa zolakwa zazikulu kwambiri zomwe loya angachite, ndipo ndicho chimachotsetsa anthu m'kaundula kawirikawiri.

Musanamunene munthu kuti wadya ndalama, tsimikizani kaye kuti zinatulukadi. M'kalata yanu mwati "tamva", ndipo komiti idzakufunsani kuti munamva kwa yani. Pali zifukwa zingapo zomwe ndalama zimachedwera loya asanalakwe chilichonse. Nthawi zina khoti lagamula kuti mwini minibasi ndi wolakwa, koma kuchuluka kwa chipukuta misozi sikunawerengedwe, poti imeneyo ndi sitepe ina yomwe amachita a Registrar a khoti pa tsiku lakelake. Nthawi zina mbali ziwiri zasainirana mgwirizano koma kampani sinalipire, kapena ikulipira pang'onopang'ono. Palinso vuto lomwe ambiri salidziwa: inshuwalansi ya galimoto imakhala ndi malire a ndalama zomwe kampani ingalipire, ndipo khoti likagamula zoposa malirewo, zotsalazo ziyenera kutoleredwa kwa mwini galimoto kapena dalaivala, zomwe zimatenga nthawi ndipo mwina osapezeka n'komwe. Izi zonse zimachitika. Chomwe sindingachikhululukire ndi kusakuuzani. Loya ali ndi udindo wofotokozera kasitomala wake pomwe nkhani yafika, ndipo kuthawa kasitomala miyezi yathunthu ndi cholakwa chomwe mungadandaule ngakhale ndalama zisanatuluke.

Njira zotsimikizira ndi ziwiri. Ngati nkhaniyi inapita ku khoti, ili ndi nambala, ndipo fayilo yake ili ku ofesi ya khoti komwe inatsegulidwa, kaya ku High Court ya kuno ku Zomba, ya ku Blantyre, kapena ku khoti la majisitireti. Amuna anu apite ndi chiphaso chawo cha unzika, atchule dzina lawo ndi la kampani ya inshuwalansi, apemphe kuona fayiloyo. Ndi mlandu wawo, ali ndi ufulu woiona. M'menemo mudzapeza ngati pali chigamulo kapena mgwirizano, tsiku lake, ndi ndalama zomwe zinatchulidwa. Njira yachiwiri ndi kulembera kampani ya inshuwalansiyo, kalata yosainidwa ndi bambo, yofunsa zinthu zitatu zokha: ngati inalipira, zingati, ndi kwa yani pa tsiku liti. Makampani ena amayamba azengereza ponena kuti amalankhula ndi loya wanu yekha. Akatero, auzeni kuti mukufuna yankholo chifukwa cha dandaulo lomwe mukupereka ku bungwe la maloya. Akakanabe, madandaulo okhudza makampani a inshuwalansi amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Kapepala kamodzi kochokera ku kampani kosonyeza kuti ndalama zinalowa mu akaunti ya loya pa tsiku lakutilakuti kamalemera kuposa mboni khumi zonena kuti tinamva.

Mukakhala ndi umboniwo, mulembereni loyayo kalata. Ikhale yaifupi ndi yaulemu, yopanda mawu otukwana kapena oopseza. Nenani zomwe mwapeza, pemphani ndalamazo pamodzi ndi bilu yolembedwa yosonyeza zomwe wadula ndi chifukwa chake, ndipo mupatseni masiku, tinene sabata ziwiri. Pitani nayo nokha ku ofesi, ndipo wolandira alendo adinde ndi kusaina pa kope yanu. Ndaona nkhani zambiri zikuthera pomwepa, chifukwa loya akaona kuti kasitomala wagwira tsiku lomwe ndalama zinalowa, amadziwa kuti masewera atha.

Za bilu ndinenepo pang'ono, poti apa ndi pomwe mikangano yambiri imabadwira. Loya ayenera kulipidwa pa ntchito yake, ndiye musayembekezere kulandira ndalama zonse mpaka tambala yomaliza. Koma pa milandu yangozi, mbali yomwe yaluza nthawi zambiri imalamulidwanso kulipira ndalama zoyendetsera mlandu, padera pa chipukuta misozi. Funsani ngati zimenezo zinalipidwa, ndi zingati. Si bwino kuti loya alandire zimenezo mwakachetechete kenaka n'kudulanso gawo lalikulu pa ndalama za wovulala popanda kufotokoza. Ngati munasaina pepala lokhudza malipiro ake muli kuchipatala kuja, pemphani kope yake. Mukaona kuti bilu yakwera mopanda chilungamo, lamulo limakulolani kupempha khoti kuti a Registrar aiunike mzere ndi mzere n'kuchotsa zosayenera. Mphamvu imeneyi ndi ya khoti, si ya bungwe la maloya, ndipo anthu ambiri amataya miyezi akudandaula za kukula kwa bilu pa khomo lolakwika.

Masiku aja akatha opanda yankho logwira mtima, lembani dandaulo ku Malawi Law Society. Apa chenjerani: kasitomala wa loyayo ndi bambo, osati inu. Dandaulo lituluke m'dzina lawo, asaine okha kapena adinde chala, inu muzingothandiza kuyendetsa. Mungalembe m'mawu anuanu, sipafunika loya wina kuti akulembereni. Fotokozani motsatana: tsiku la ngozi, mmene munakumanirana ndi loyayo, zomwe munasaina, nambala ya mlandu, zomwe kampani yanena, maulendo omwe mwapita ku ofesi ndi zomwe munauzidwa. Phatikizani makope a zonse, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp ndi a Airtel Money kapena Mpamba ngati munatumizako ndalama. Mapepala enieniwo sungani kunyumba, kupereka ndi makope okha. Ndipo nenani momveka chomwe mukufuna, kuti ndalama zibwezedwe ndi kuti fayilo yanu iperekedwe, chifukwa madandaulo ena amadzaza masamba asanu ndi mkwiyo koma osatchula chomwe wodandaula akupempha.

Dandaulolo likafika, loyayo amapatsidwa kope kuti ayankhepo. Nkhani ikaoneka kuti ili ndi mutu, imapita ku komiti yosungitsa mwambo. Komitiyi ndi yokhazikitsidwa ndi lamulo lomwe lija, ndipo wapampando wake ndi Solicitor General, mkulu wa zamalamulo ku Unduna wa Zachilungamo, pamodzi ndi maloya ena osankhidwa ndi bungweli. Imaitana loyayo, imaitana wodandaula, imamva mbali zonse ndi kuona mapepala. Mudzaitanidwa, ndipo chonde mukapite. Nkhani zambiri zimafa chifukwa wodandaula sanabwere pa tsiku lake, mwina kalata yomuitana inapita ku nambala ya foni yomwe anasintha, mwina thiransipoti inavuta. Mukasintha nambala adziwitseni, ndipo yambani kusunga kangachepe ka ulendowo. Konzekeraninso kufunsidwa mafunso ndi loyayo kapena womuyimira. Si kukunyozani, ndi ufulu wake monga aliyense woimbidwa mlandu.

Komiti ikamupeza wolakwa, ili ndi zilango zingapo. Ingamudzudzule, ingamulipiritse chindapusa, ingamuimitse ntchito kwa nthawi, ndipo chomwe chikukukhudzani kwambiri n'chakuti ingamulamule kubweza ndalama za kasitomala pofika tsiku lomwe yaika. Ikaona kuti cholakwacho n'chachikulu moti munthuyo sayeneranso kukhala loya, imapereka nkhaniyo kuti ipite pamaso pa Chief Justice kudzera mwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, chifukwa yemwe analemba dzina m'kaundula ndi khoti, ndipo kufufuta n'kwa khoti lomwelo. Bungwe palokha silingafufute munthu. Ingathenso kupempha kuti nkhaniyo iunikidwe ngati mlandu wa upandu. M'zaka zaposachedwapa bungweli lakhala likutulutsa poyera mayina a maloya omwe alangidwa ndi zilango zawo, ndipo m'tawuni yaing'ono ngati Zomba, momwe aliyense amadziwa galimoto ya aliyense, manyazi amenewo amaluma kuposa chindapusa. Loya yemwe sanakhutire ndi chigamulo cha komiti angapite ku High Court kukachitsutsa, ndipo izi zimatalikitsa nkhani.

Funso lanu lomaliza linali la kumanga. Ayi, bungweli silimanga munthu, lilibe selo, lilibe apolisi. Silingapitenso kukalanda galimoto kapena nyumba ya loya n'kugulitsa kuti likulipireni. Chomwe limagwira ndi ntchito yake: ukapanda kubweza, sugwiranso ntchito. Kwa loya yemwe akufunabe kupitiriza ntchito, chimenechi n'chokwanira, ndipo amathamanga kukasaka ndalamazo ngakhale kwa achibale. Koma kwa yemwe wamira kale m'ngongole za makasitomala khumi ndipo watayiratu mtima, kumuimitsa ntchito sikubweretsa ndalama m'thumba mwanu. Ndiye chifukwa chake ndimauza anthu kuti asayende njira imodzi yokha. Kudya ndalama za kasitomala ndi kuba, ndipo mungakanene ku polisi, komwe kuli nthambi yoona milandu ya zachuma. Mungamusumirenso ku khoti kuti abweze ndalamazo ndi chiwongoladzanja, ndipo chigamulo cha khoti ndicho chimatumiza a sherifu kukalanda katundu. Njira zitatuzi sizitsekerezana, mungaziyende pa nthawi imodzi. Maganizo anga ndi akuti muyambe ndi bungwe, chifukwa sizilira ndalama zambiri ndipo nthawi zambiri zimagwedeza munthu msanga, koma miyezi ingapo ikadutsa popanda ndalama, tsegulani mlandu ku khoti osadikira kuti komiti imalize.

Mudzafunsa kuti loya wina wosumira loya mnzake mumupeza kuti, ndipo mumulipira ndi chiyani bambo ali pa ndodo. Pitani ku Legal Aid Bureau, ili ndi ofesi kuno ku Zomba. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la Legal Aid Act la 2011 kuti ithandize anthu omwe sangakwanitse kulipira loya, ndipo imaona kaye mmene mumapezera musanalandiridwe. Kumbukiraninso ntchito yaulere ija ndatchula kuti loya aliyense ayenera kugwira chaka chilichonse kuti alandire laisensi. Ena amakwaniritsa udindowo potenga milandu ya anthu ochokera ku Legal Aid komweko.

Za Fidelity Fund nditchule mosakweza chiyembekezo chanu mopitirira. Lamulo la 2018 linakhazikitsa thumbali kuti lithandize anthu omwe ataya ndalama chifukwa cha kusakhulupirika kwa loya, ndipo maloya onse amasonkhamo. Lili ndi ndondomeko yakeyake yopemphera, ndipo muyenera kukhala ndi umboni kuti ndalamazo zinafikadi m'manja mwa loyayo pa ntchito yake ya uloya. Pomwe mukupereka dandaulo, funsani pomwepo mmene mungapemphere ku thumbali, kuti ngati pali nthawi yoikika isakudutseni. Musalisokoneze ndi inshuwalansi ija yomwe loya amakhala nayo, yomwe cholinga chake ndi kulipira pomwe loya walakwitsa ntchito mosasamala, monga kuiwala kutsegula mlandu mpaka nthawi yake kutha.

Nkhani ya nthawiyi ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri pa kalata yanu. Tiyerekeze kuti mwafufuza ku khoti ndi ku kampani, n'kupeza kuti palibe ndalama zomwe zinatuluka, ndipo mlandu sunatsegulidwe n'komwe, mapepala anu angokhala mu kabati. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 zokha kuchokera pa tsiku la ngozi kuti munthu wovulala atsegule mlandu wofuna chipukuta misozi. Milandu ya ngongole ndi mapangano imapatsidwa zaka 6, koma ya kuvulala ndi 3. Dandaulo la ku bungwe la maloya siliimitsa kuwerenga kwa zakazo. Inu chaka chimodzi chapita kale. Mukapeza kuti zinthu zili choncho, siyani kaye kulimbana ndi loyayo, thamangani mukapeze wina atsegule mlandu, zodandaulazo zibwera pambuyo. Loya wakaleyo angakanirire fayilo ponena kuti simunamulipire, ndipo nthawi zina lamulo limamulola kutero, koma lipoti la apolisi ndi la dokotala mungakatengenso ena komwe anachokera.

Tsopano za mbale imodzi zija. Anzanuwo sindikuwaseka. Maloya m'dziko muno ndife ochepa, ambiri tinaphunzira m'makalasi omwewo pa Chanco, timadziwana mpaka maina a ana. N'zomveka kuti munthu wa ku Chinamwali akayikire ngati tingalangane. Koma taonani mbali inayi. Loya mmodzi akadya ndalama za wovulala, mawa kasitomala wanga amabwera akundiyang'ana ndi diso lokayika, ndipo chopereka chomwe ndimaponya ku thumba lija ndicho chidzalipire kuba kwa mnzangayo. Maloya okhulupirika ndi omwe amakwiya kwambiri ndi khalidweli. Ine chomwe ndimaona kuti chimafooketsa odandaula si kukondera ayi, koma kutalika kwa nthawi. A m'komitiyo ali ndi ntchito zawo zina, loya woimbidwa mlandu amadziwa njira zonse zopempherera kuti tsiku lisunthidwe, ndipo wodandaula amatopa. Mankhwala ake ndi kukumbutsa mwa kalata mwezi ndi mwezi, mukutchula nambala ya dandaulo lanu, ndi kusunga kope ya kalata iliyonse.

Dandaulo likangofika, musadabwe foni ija yomwe sinkayankhidwa ikayamba kukuimbirani. Mwina adzabwera ndi gawo la ndalamazo, n'kupempha kuti muchotse dandaulo, zotsalazo adzapereka mwezi wa mawa. Ndalamazo landirani, ndi zanu, makamaka kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Koma musasaine pepala lililonse lonena kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha ngati simunalandire zonse, ndipo musachotse dandaulo mpaka tambala yomaliza italowa. Pepala lachingerezi lomwe simukulimvetsa pitani nalo kaye ku Legal Aid akakuwerengereni. Angatumizenso anthu, abusa kapena achibale, kuti akunyengerereni kukambirana pachiweniweni. Kukambirana si koipa, bola zomwe mwagwirizana zilembedwe, ndi masiku ake, ndipo kope ipite ku bungwe kuti lidziwe.

Chinthu china chomwe chimaononga nkhani zabwino ndi Facebook. Ndikudziwa mtima umafuna kuti dziko lonse limudziwe, koma mukalemba dzina lake n'kumutcha mbava musanakhale ndi chigamulo, mwamupatsa ndodo yokukwapulirani. Angakusumireni kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lomwe anthu amangidwa nalo chifukwa cha zolemba pa intaneti. Chimodzimodzi kupita ku ofesi kwake ndi anyamata a kabaza kukachita phokoso: apolisi adzabwera kudzatenga inu, osati iye.

Mukaona kuti ofesi yatsekedwa kapena akusamutsa katundu, mukamva kuti pali enanso omwe akumufuna pa nkhani yofanana, kapena mukapeza kuti siginecha ya bambo inaberedwa pa pepala lolandirira ndalama, musadikire sabata ziwiri za kalata ija. Pitani ku polisi ndi ku Legal Aid tsiku lomwelo, ndipo dandaulo la ku bungwe litumizidwe sabata yomweyo. Ngati pofufuza mupeza kuti vuto lili kwa wogwira ntchito ku khoti, majisitireti kapena jaji, amenewo bungwe la maloya siliwalanga, madandaulo awo amapita ku Judicial Service Commission. Ndipo popita kulikonse mwa malo amenewa, tengani chiphaso cha unzika cha bambo, nambala ya minibasi ija, ndi dzina la polisi yomwe inalemba lipoti la ngozi, chifukwa ndi zomwe adzayambe kukufunsani.